Sigele, Madzi Azizira

Chaka chakwana chimwalirireni alamu anga, a Lameki. Ana akhala akundiuza kuti ndilembepo kanthu. Ine si munthu wa mawu ambiri. Sukulu ndinalekezera ku pulayimale, ntchito yanga ndi fodya ndi ngolo. Koma amene ankawadziwa bwino bambowa atha. Otsalawo amangoti kunali nkhalamba ina kufupi ndi Nsaru imene inkaika nyimbo pa zimbale. N'zoona. Ndilemba zotsalazo.

Kwawo kunali ku Nambuma. Kuno anabwera kudzakwatira mlongo wanga wamkulu, amene tonse tinkamuitana kuti Nabanda. Anali mkamwini. Malo omangapo nyumba anawapatsa ndi malume athu, ndipo malumewo atamwalira mbumba yonse inatsalira ine. Nyumba yawo ndi yanga zinangolekana ndi khola la ng'ombe.

Anali munthu wamfupi, wa zala zazitali. Chikhadabo cha chala chaching'ono sankachiwenga, ankamasulira timasikuluwu ta mawotchi ndi mawailesi, pakuti ndiyo inali ntchito yawo pa tsiku la msika. Jekete sankavula ngakhale mu Okutobala. Ukamayankhula nawo ankapendeketsa mutu ngati akumvetsera wina amene waima kumbuyo kwako. Poyamba zinkandikwiyitsa. Kenako ndinazolowera. Ankakonda kunena kuti makutu a munthu ndi aulesi, amangotola chimene mwini wake akuchiyembekezera, zina zonse zimagwera pansi.

Kompyuta inawapeza tsitsi litayera kale. Anatumiza ndi mwana wawo Yohane kuchokera ku Joni. Inali yakale, yothetheka pakona, batire yake yakufa. Tonse tinati mwanayo wataya katundu, akanatumiza bulangete. A Lameki anaiyang'ana masiku angapo osaikhudza. Kenako anakwera njinga kupita kwa anyamata a pa msika amene amabena nyimbo pa zimbale, anakhala pa benchi n'kumaonerera manja awo. Anyamatawo ankawaseka.

"Agogo, mwabwera kudzabenetsa nyimbo za chinamwali?"

"Ndabwera kudzaba nzeru, mwana wanga. Pitiriza."

Mvula isanagwe anali atakhoma sola pa denga, batire ya galimoto ili pansi pa tebulo, ndipo chimbale choyamba chinali chitatuluka. Mawu oti kubena sankawafuna. Iwo ankati akusamutsa.

Ntchitoyo inkayenda motere. Ankatenga wailesi yawo yakale ya kaseti, n'kulumikiza waya kuchokera pa kabowo ka zomvera za m'makutu kukalowa mu kompyuta. Kaseti inkayenera kulira yonse, mbali iyi ndi inayo, pa liwiro lake. Panalibe kufulumizitsa. Iwo ankakhala pompo, zomvera zili m'makutu, maso ali pa timizere tokwera ndi kutsika. Ikatha ankadula nyimbo iliyonse payokha, n'kuika chimbale chopanda kanthu. Apa ndiye panali malamulo. Chimbale chimalembedwa kamodzi, chikalakwika chatayika. Choncho chikamazungulira m'katimo, aliyense ankayenera kukhala pansi. Osayenda, osatseka chitseko, osatsokomola pafupi ndi tebulo. Nkhuku ankayamba azithamangitsa. Tsiku lina abusa enieni anaimitsidwa pa khomo, mwendo umodzi uli m'mwamba, mpaka kachitseko ka kompyuta katatseguka kokha.

Ankagwira ntchito masana okha, dzuwa lili pamutu, batire itakhuta. Mitambo ikachita bii ankabweza anthu. Zimbale zopanda kanthu ankagula kwa a Saidi, mwini golosale pa Nsaru, ndipo awiriwa sankatha kukumana osanyozana.

"Shehe, zimbale zanu za ulendo uja theka zinali zogontha."

"Zimagontha ndi nyimbo zanu zamalirozo, a Lameki. Muziikako zovina."

Zolakwika sankataya. Ankazimangirira pa mtengo wa mango ndi ulusi, ati zithamangitse akabawi. Pofika chaka chachitatu mtengowo unkathwanima ngati mkwatibwi.

Anyamata a pa msika ankathira nyimbo zosawerengeka pa chimbale chimodzi, mwachangu. A Lameki ankati kumeneko n'kulongedza anthu ngati matenanti pa lole. Nyimbo za pa wailesi iwo sankazigwira n'komwe. Anthu ankabwera kwa iwo ndi makaseti a m'masutikesi: ukwati wa makolo, kwaya imene inatha kalekale, ulaliki wa mkulu wina amene anagona, mawu a bambo amene anatumiza kaseti ali ku migodi m'malo mwa kalata. Makaseti ena ankabwera ndi chuku, ena oduka, ena atadyedwa ndi wailesi. Iwo ankawatsegula, kupukuta tepi ndi thonje, kulumikiza ndi kaselotepi, kukulunga ndi bolopeni. Ndipo pakuti kaseti inkayenera kulira yonse, ankamva zonse. Ankadziwa amene analira pa ukwati wa mnzake, amene anatukwana akuyesa kuti wailesi yazimitsidwa. Sanauzeko munthu. Ankangoti pa kaseti chokoma si nyimbo, ndi zimene zinalowamo popanda kuitanidwa.

Anthu ankawalonjeza chinthu chimodzi. Ankakweza chimbale kudzuwa n'kunena kuti ichi chiswe sichidya, wailesi sitafuna, zidzukulu za zidzukulu zanu zidzachipeza. Ankakhulupiriradi zimenezo.

Ndibwerere m'mbuyo.

Mlongo wanga anamwalira kompyutayo isanabwere. Titameta, tinakhala pansi monga mwa mwambo kuti tiwasudzule a Lameki, tiwamasule abwerere kwawo, akafuna akakwatirenso. Abale awo anabwera kuchokera ku Nambuma kudzawatenga. Zitenje za Nabanda, maduku, mbale, zonse tinagawana pa mphasa. Mawu oyenera ndinayankhula ndine. A Lameki anawomba m'manja, anathokoza bwinobwino, kenako ananyamuka n'kukalowa m'nyumba yomweyo, chitseko gwa. Abale awo anadikira mpaka dzuwa kupendeka. Anabwerera okha.

M'mawa mwake ndinawapeza akupalira mbatata za mkazi wawo.

"Alamu, kodi dzulo simunamve?"

"Ndinamva, alamu. Munayankhula bwino kwambiri."

Anapitiriza kupalira. Sindinawathamangitse. Munthu wakalambira pamudzi, umuthamangitsira kuti?

Ndibwererenso m'mbuyo kuposa apo. Yohane sanali woyamba. Woyamba anali mtsikana, dzina lake Sigele. Anali mwana wothamangathamanga, wosagwirika. Chikuku chinamutenga asanayambe sukulu. Kuchokera tsiku la maliro ake, Nabanda sanatchulenso dzinalo. Ikafunika nkhani ya mwanayo ankangoti "uja". Kumudzi woyandikana nafe kunabadwa mwana wina n'kupatsidwa dzina lomwelo, Nabanda ankamuitana kuti "iwe mwana wa uje" mpaka mtsikanayo anakwatiwa. Ife tonse tinatsatira. Dzinalo linakwiriridwa pamodzi ndi mwini wake. Yohane anakula akungodziwa kuti kumanda kuli kamtumbira kena ka kwathu.

Tsopano nkhani yeniyeni.

Mpingo wathu unkafuna malata. Mkulu wa mpingo, a Chimphepo, anakumbukira kuti kalekale, nthawi ya chipani chimodzi, a Lameki anajambulapo kwaya yathu pa kaseti. Anajambulira pabwalo la nyumba yawo, pansi pa mango, chifukwa m'tchalitchi mawu ankabwerera. Oimba ambiri a m'kwayayo anali atagona. A Chimphepo anati nyimbozo ziikidwe pa zimbale, ana a oimbawo adzagula kuti amvenso makolo awo, malata apezeke. Nzeru inali yabwino.

Kasetiyo inapezeka pansi penipeni m'sutikesi, itachita chuku. A Lameki anaipukuta sabata yathunthu. Anati tepi yafooka, mwina ingodutsa kamodzi kokha.

Tsiku loisamutsa ndinali pa khola, ndikukonza goli. Ndinkawaona ali pa khonde, tebulo atalitulutsa, zomvera zili m'makutu. Dzuwa linali pamutu. Mwadzidzidzi anaimirira. Anavula zomverazo pang'onopang'ono, anaziika pa tebulo, anazungulira kuseri kwa nyumba kumene kunali bafa. Anasuzumiramo. Anayang'ana kunjira ya kudimba. Anaima pamenepo nthawi yaitali, manja ali lende. Kenako anabwerera n'kukhala pansi.

"Kwagwanji, alamu?" ndinakuwa.

"Palibe," anatero.

Kasetiyo inadutsadi kamodzi. Poibweza kuti aiyambenso, tepi inaduka n'kupiringizika m'wailesi, osatheka kuikonza. Koma mawu anali atalowa kale mu kompyuta.

Zimbale zinatuluka, zolembedwa ndi dzanja lawo lopendekera. Zinagulidwa zonse. Zina zinapita ku Mpingu, zina ku Namitete, zina ku tauni kwa ana a oimba aja. Ine sindinagule. Ndinalibe choimbira.

Patapita masabata ndinayamba kumva manong'onong'o. Amayi pa chitsime ankati chimbale cha kwaya chili ndi munthu m'kati. Ena ankati ndi mzimu. Akandiona ankasintha nkhani.

Ndinadzimvera ndekha mu minibasi, ndikupita ku tauni kukagula mankhwala a ng'ombe. Dalaivala anaika chimbalecho. Ndinazindikira mawu a anthu akwathu, mabesi a malemu uje, ndinayamba kung'ung'udza nawo. Nyimbo ina inatha. Inayo isanayambe panali kampata. Woimbitsa anatsokomola. Nkhuku inalira. Ndiye chapatali, koma momveka bwino, mkazi anakuwa.

"Sigele! Iwe Sigele! Bwera udzasambe, madzi azizira!"

Anali Nabanda. Osati Nabanda wodwala amene ndinamuika m'manda. Nabanda wamng'ono, wamphamvu, wotopa ndi mwana wosamva. Thupi lonse linazizira ngati andithira madzi a m'chitsime.

Ndisanapume n'komwe, minibasi inaima kuti itenge mayi wina amene ankabwera mwachidodo ndi dengu pamutu. Kondakitala anatulutsa mutu pawindo, anapyapyalitsa mawu ngati a mkazi.

"Sigele! Fulumira, madzi azizira!"

Minibasi yonse inafa ndi phwete. Zinaoneka kuti si koyamba. Oitanira onse a pa msewu umenewo anali atatola mawuwo. Aliyense wochedwa anali Sigele.

Ndinatsika pompo. Ku tauni sindinafike. Ndinabwerera wapansi.

Ndinawapeza pa khonde, kompyuta ikung'ung'uza.

"Alamu, mwachita chiyani?"

"Khalani pansi kaye, alamu. Muli chimbale m'katimu, chingalumphe."

"Chilumphe."

Anandiyang'ana. Anadziwa.

"Mwamumva," anatero.

"Ndamumva. Bwanji simunadule? Mumadula kutsokomola kwa anthu, mumadula agalu. Apa lumo linasowa?"

"Sindinadule. Ndinakwezanso pang'ono. Pa wailesi yakale sankamveka, mphepo ya tepi inkamuphimba. Zaka zonsezi anali m'sutikesi, akuitana, ife osamva."

"Mlongo wanga anafa osalitchula dzinalo. Inu mukudziwa. Lero akulikuwa pa msewu."

"Analitchula, alamu. Inu munaiwala, inenso ndinaiwala. Tsiku limenelo analitchula ngati dzina wamba. Analibe mantha. Sankadziwa kanthu. Ndinamukwatira wotero ine, mkazi waphokoso. Uja wachete anabwera pambuyo."

"Mukanasunga chanu chimodzi. Bwanji kugawira dziko lonse?"

Anati mbewu sasungira m'nkhokwe imodzi. Anati kaseti yaduka, kompyuta ndi yokalamba ngati iwo, chimbale chimodzi mwana angachikande. Koma akakhala m'nyumba zambiri, sangatayikenso. Anawonjeza, akumwetulira pang'ono, kuti Nabanda anakanidwa m'kwaya katatu konse chifukwa mawu ake ankasokoneza anzake, tsopano walowamo.

Ine sindinaseke.

"Tinakusudzulani, alamu. Pa mphasa, anthu akuona. Nabanda si wanunso. Sigele ndi wa mbumba yanga. Munayenera kundifunsa."

"Zitenje munagawana. Mbale munagawana. Mawu sindinaone munthu akutenga."

"Ndatenga lero."

Kachitseko ka kompyuta kanatseguka kokha, palibe anakayang'ana. Ndiye ndinawauza za kondakitala. Ndinawayeserera mmene anapyapyalitsira mawu. Zimenezo sankazidziwa. Iwo sankakwera minibasi.

"Akuseka?"

"Akuseka."

"Onse?"

"Minibasi yonse."

Anagwira m'mphepete mwa tebulo. Sindinawaonepo atakalamba ngati tsiku limenelo. Anali ataganiza kuti aliyense adzamva chimene iwo anamva. Munthu wodziwa makutu a anthu chotero, apa analakwitsa.

Mpaka lero ndimati ndinanena zoona. Zitachitikanso ndikhoza kunenanso chimodzimodzi.

M'mawa mwake anapita kwa a Saidi. A Saidi anayamba nthabwala zawo, anaona nkhope, anasiya. Anawapatsa zimbale n'kuwaperekeza mpaka pa njinga. A Lameki anasamutsanso nyimbo zonse, kampata kaja atakadula. A Chimphepo analengeza m'tchalitchi kuti amene ali ndi chimbale choyamba abweze, alandire chatsopano. Ena anabweza. Kwa otsalawo a Lameki anapita okha, pa njinga, mudzi ndi mudzi, jekete ili pathupi, fumbi mpaka m'nsidze. Anafika ku Mpingu. Anafika ku Namitete. A Lameki anamudikira dalaivala uja pa siteji kuyambira m'mawa. Sindikudziwa anamuuza chiyani. Ndinangomva kuti kondakitala anavula kapusi.

Zonse sizinabwerere. Zina zinali zitapita kutali. Anyamata a pa msika anali atakoperako kale n'kugulitsa kwa anthu osadziwika. Mayi wina wokalamba amene ankasinja ndi Nabanda pa utsikana wawo anakana kwamtuwagalu, anati amuphe kaye. A Lameki anabwerako atawonda. Anati anaiwala kuti chimbale chimabereka.

Zimene anatolera anabwera nazo kwa ine m'thumba la feteleza. Anaika pa mapazi anga.

"Nayu mlongo wanu."

Sindinadziwe chochita nazo. Kutentha, mtima unakana. Kuswa, manja anakana. Ndinakumba dzenje kuseri kwa nyumba yawo, pafupi ndi bafa, ndinakwirira thumba lonse. Iwo anaima poteropo akuonerera. Nditamaliza anati:

"Chimodzi ndasunga. Sindikubisirani. Mukachifuna mudzatenge ndikafa."

Ndinanyamula khasu langa n'kumapita.

Kuyambira pamenepo, dzuwa likapendeka, nthawi imene amayi amatereka madzi osambitsa ana, a Lameki ankatulutsa tebulo pa khonde. Sankaimba nyimbo zonse. Ankangoika mathero a nyimbo ija, kampata, n'kuzimitsa. Motsitsa. Koma kwathu n'kufupi, ndipo nthawi imeneyo mphepo imachokera kwawo. Ndinkamva ndili pa khola ndikutsekera ng'ombe. Masiku oyamba ndinkaluma mano. Sindinapite kukadandaula. Tinali titapangana.

Ana a pamudzi anazolowera. Ena akamva ankathamangira okha kwa amayi awo kukasamba. Panalibe woseka. Pamudzi pathu dzinalo linayambanso kutchulidwa, pang'onopang'ono, monong'ona. Yohane atabwera pa Khirisimasi anakhala pa khondepo, bambo wa ndevu zake, kumvetsera amayi ake akuitana mlongo amene sanamuonepo. Anapempha kuti timuonetse kamtumbira kaja. Ndinamuperekeza ndine.

Panali chinthu china chimene tinkatsutsana mpaka kumapeto. A Lameki ankati Nabanda akatha kuitana, patali kwambiri, cha kudimba, mwana amayankha. Ankati amati, "Ndikubwera!" Anandiveka zomvera zija kangapo. Anakweza mpaka m'makutu mwanga munkangoti sooo.

"Apo! Mwamva?"

"Nkhuku, alamu."

"Nkhuku imanena kuti ndikubwera?"

"Nkhuku yanu mwina."

Ankapukusa mutu n'kunena za makutu aulesi zija. Ankatha masana athunthu akukweza ndi kutsitsa kachidutswa kameneko, akuyang'ana timizere ngati munthu wofufuza mapazi a mbuzi yotayika.

Kenako zimbale zinayamba kuwachititsa manyazi. Anthu amene anawalonjeza aja anayamba kubwerera. Chimbale chikulumpha. Chimbale chasupuka pamwamba ngati khungu la njoka. Chimbale changokhala chete. Ena makaseti awo anali atataya, poti anauzidwa kuti safunikanso. A Lameki ankalandira chimbale chakufacho ndi manja awiri, n'kuchitembenuza kudzuwa. Ankati ananamiza anthu osadziwa, chiswe cha zimenezi chilipo, kungoti sichioneka. Amene mawu awo anali akadali mu kompyuta ankawasamutsiranso. Ena panalibe chochita.

Mafoni atachuluka, anthu anasiya kubwera. Anyamata a pa msika anayamba kuthira nyimbo m'timakadi tating'ono ngati chikhadabo. A Saidi anasiya kuoda zimbale. Zotsala m'shopu anawapatsa a Lameki, anati akakolekere akabawi.

Chawo chija chikayamba kulumpha ankasamutsira pa china. Anatero kangapo. Ndiye tsiku lina kompyuta sinayake. Anaitsegula ndi chikhadabo chawo, anaipemerera, anaiyanika. Anapita nayo ku tauni. Anauzidwa kuti chosungira mawu chafa, palibe chotulukamo. Anabwera nayo kunyumba n'kuifunditsa nsalu pa tebulo pomwepo.

Chinatsala chimbale chimodzi, ndi kawailesi kozungulira koimbira zimbale kamene Yohane anawasiyira. Ankachigwira m'mphepete mokha, ankachikulunga m'kampango. Anasiya kuimba tsiku ndi tsiku, anati chingatope. Ankaika Lamlungu lokha. Masiku enawo, nthawi ija ikakwana, ankangokhala pa khonde mutu uli chopendekera. Ine pa khola ndinkapezeka kuti ndaima ndi mtengo wotsekera m'manja, ndikudikira.

Ngakhale anachisamala chotero, chinayamba kugwira chibwibwi. "Sige, Sige, Sige," kenako n'kudumphira ku madzi. Iwo makutu anali atayamba kugontha, sankazindikira. Sindinawauze.

Anadwala mu Juni, chifuwa. Sanagone nthawi yaitali. Lamlungu lomaliza ndinawanyamula kuwaika pa khonde, anali opepuka ngati mtolo wa mapesi. Anandiuza kuti ndiike chimbale. Aka kanali koyamba kuti ndichigwire. Nyimbo inatha. Woimbitsa anatsokomola. Tsiku limenelo sichinalumphe. Nabanda anaitana dzina lonse, kawiri, bwinobwino. A Lameki anakweza chala chachitali chija m'mwamba, kuti ndikhale chete.

"Apo. Mwamva, alamu?"

"Ndamva."

"Wati chiyani?"

"Wati akubwera."

Anatsitsa chala. Musandifunse ngati ndinamvadi.

Anamwalira Lachitatu. Abale awo anabwera ndi lole kuchokera ku Nambuma, wotsogolera ali muphwa wawo, munthu amene a Lameki anangomuona kangapo moyo wawo wonse. Ndinapempha kuti tiwaike kuno, pafupi ndi mkazi wawo ndi mwana wawo. Muphwayo anayankha mwaulemu.

"Munawasudzula nokha, bambo. Mafupa ndi a kwathu."

Ananena zoona.

Potulutsa katundu anapeza kampango kaja pansi pa pilo. Anakatsegula. Pa chimbalepo panalibe dzina la nyimbo kapena la kwaya. Muphwayo anali atamvako nkhani yake. Anabwera nacho kwa ine pamaso pa anthu.

"Ichi ndiye ndi cha kwanu kapena cha kwathu?"

Yohane anandiyang'ana. Amayi a pamudzi anandiyang'ana. A Lameki anali atanena okha kuti ndidzatenge akafa. Chinali changa, pa mwambo ndi pa pangano. Ndinachigwira m'mphepete monga ankachitira mwini wake.

"Ndi chawo," ndinatero.

Ndinapempha adzukulu kuti atsegule bokosi. Anali atawaveka jekete ija. Ndinachilowetsa m'thumba lam'kati, mbali ya kumanzere, n'kumanga batani. Lole inanyamuka dzuwa likupendeka. Atatuwo, bambo, mayi ndi mwana, anapita limodzi ku Nambuma.

Ndimadziwa kuti kwina kwake zilipo zina zimene sizinabwerere. Mwina zinasupuka zonse. Mwina chimodzi chikadali m'kabati ya munthu amene sadziwa kuti Sigele anali ndani. Ndikakwera minibasi, dalaivala n'kuika nyimbo za kwaya, nyimbo ikamatha ndimagwira mpweya mpaka ina itayamba. Sindinamumvenso.

Nyumbayo sitinagwetse. Yohane anati tiisiye, adzabwera. Sanabwere. Sola anachotsa abale a ku Nambuma, pa denga panatsala mabowo anayi a misomali, mvula imalowera pamenepo. Pa khonde pali timaenje pamene pankaima miyendo ya tebulo, ndi banga loyera pamene madzi a batire anadya simenti. Waya wina akadali lende pa zenera, sukulumikiza kanthu. Kuseri, bafa linagwa. Pamene ndinakwirira thumba paja panamera chisoso, chobiriwira kuposa pena ponse. Sindilola ana kuthyola.

Pa mango zimbale zolakwika zija zambiri zinagwa, ulusi unaola. Zotsalazo zinachita mbuu, sizithwanimanso, akabawi amatera pompo. Dzuwa likapendeka mphepo imachokerabe kwawo. Zimbalezo zimagundana pang'ono, kwe, kwe. Kumidzi ina utsi wa madzi osamba umakwera, amayi amaitana ana awo, aliyense dzina lake. Ine ndimaima pa khola ndi mtengo wotsekera m'manja. Ng'ombe zimalowa zokha. Ndimazindikira mochedwa kuti mutu wanga wapendekera mbali ya khonde lija.